Mwana wa Pakhomo Sachita Ganyu: Chikhulupiriro, Ntchito Zabwino ndi Chipulumutso

Lamulungu la 24 pa Chaka (Chaka B). Mawu a Mulungu a lero achokera pa Yesaya 50:5-9, Yakobe 2:14-18 ndi Marko 8:27-35.

Pa maliro a mkhristu pamakhala nthawi imene mtsogoleri wa mphakati amaimirira ndi kapepala m'manja kuti afotokoze moyo wa malemu mu Mpingo. Amatchula chaka chimene anabatizidwa, chaka chimene analandira Ukaristia koyamba ndi Ulimbitso, ukwati wake, magulu amene ankatumikiramo, ndiponso mmene ankaperekera mtulo ndi chachikhumi. Anamalira amamvetsera ali zyoli. Pochokera kumanda, anthu atapanikizana m'lole, wina amalankhula mokweza kuti, "Amayi aja ndiye alowa basi. Anagwira ntchito." Mnzake wa mpingo wina, amene anabwera kudzapepesa, amamuyankha pomwepo kuti, "Vuto la inu Akatolika ndi limeneli. Kumwamba salowera ntchito, amalowera chikhulupiriro." Mkatolika uja amasowa chonena, ndipo amakafika kunyumba funsolo likumuvutabe.

Funso lomweli limatulukanso ku ofesi pa nthawi ya nkhomaliro, pamsika, m'minibasi ndi m'magulu a WhatsApp. Wina angaliyese nkhani yongokokana kuti aoneke wodziwa Baibulo ndani. Komatu pa yankho lake pagona mtendere wa gogo amene wakhala ali pamphasa chaka chachiwiri tsopano. Gogoyo sathanso kupita ku Misa kapena kukasesa kutchalitchi, ndipo usiku amadzifunsa ngati Mulungu akumuwerengerabe. Pagonanso moyo wa bwana amene anapereka matumba a simenti pa chitukuko cha parishi, nayamba kuganiza kuti za kumwamba anathana nazo, chonsecho mlonda wa kunyumba kwake watha miyezi itatu osalandira. Anthu awiriwa akufunika kumva zimene Mpingo umaphunzitsa, ndipo Mawu a Mulungu a lero akulankhula kwa onse awiri.

Choyamba ndi chaulere

Eklezia Katolika siphunzitsa kuti munthu amagula chipulumutso ndi ntchito zake. Mkatolika amene amaganiza choncho wasokera pa chiphunzitso cha Mpingo wake womwe. Mawu amene Akatolika amatchulira mphatso ya Mulungu akunena okha: chaulere, chinthu chimene munthu amalandira osatulutsa kanthu. Abale a mipingo ina amati chisomo, ndipo akunena chinthu chomwecho.

Paulo Woyera, polembera akhristu a ku Efeso, m'mutu wachiwiri wa kalata yake, akuwakumbutsa kuti anali akufa chifukwa cha machimo pamene Mulungu anawapatsa moyo pamodzi ndi Khristu. Munthu wakufa sagwira ntchito, salipira ngongole, sapempha n'komwe. Paulo akutsindika kuti chipulumutso chawo ndi mphatso imene anailandira pokhulupirira, ndipo palibe aliyense amene angadzitamandire nayo.

Mpingo umaonetsa zimenezi ndi maso nthawi iliyonse pamene ukubatiza khanda. Mwana wa miyezi itatu sanapitepo ku mphakati, sanazondepo wodwala, sadziwa ngakhale dzina lake. Ena amalira mwambo wonse. Koma wansembe akamuthira madzi m'dzina la Utatu Woyera, mwanayo amasanduka mwana wa Mulungu ndi chiwalo cha Thupi la Khristu, mofanana ndi Papa amene. Chigawenga chimene chinapachikidwa pambali pa Ambuye Yesu chikuphunzitsa zomwezo. Manja ake anali omangika pamtanda, nthawi yobweza zimene anaba inali itatha. Anangovomera kulakwa kwake ndi kupempha kuti akumbukiridwe, ndipo Yesu anamulonjeza Paradizo tsiku lomwelo.

Mpingo unalimbana ndi nkhani imeneyi kalekale, ndipo nkhondo yake inamenyedwera mu Africa momwemuno. Cha m'ma 400 kunali mphunzitsi wina wochokera ku Britain, dzina lake Pelagius, amene ankanyansidwa ndi ulesi wa akhristu a ku Roma. Iye ankaphunzitsa kuti munthu ali ndi mphamvu zokwanira mwa iye yekha zoti asunge malamulo a Mulungu ndi kukhala wopanda tchimo, akangolimbikira. Augustino Woyera, episkopi wa ku Hippo, dera limene lero lili m'dziko la Algeria, anamutsutsa kwambiri. Augustino ankadziwa kuchokera pa moyo wake womwe kuti munthu amatha kuchidziwa chabwino, kuchifuna, koma n'kulephera kuchichita. Aepiskopi atasonkhana ku Carthage m'chaka cha 418 anakana chiphunzitso cha Pelagius. Msonkhano wina wa ku Orange, m'dziko limene lero ndi France, m'chaka cha 529 unawonjezera kuti ngakhale kachilakolako koyamba kofuna kukhulupirira kamachokera kwa Mulungu. Munthu akatembenuka kuti afunefune Mulungu, amapeza kuti Mulunguyo ndiye anayamba kumufunafuna.

Waganyu ndi mwana

Nanga ngati zonse ndi zaulere, ntchito zabwino n'zachiyani? Yankho lili pakhomo pa munthu aliyense wa m'tauni.

Loweruka m'mawa pageti pamagogoda mnyamata wofuna ganyu. Mwini nyumba amamuonetsa udzu woti atchetche, amakambirana mtengo, mnyamatayo n'kuyamba. Akamaliza amalandira zake n'kumapita. Sawonjezera ngakhale mzere umodzi pa zimene anagwirizana, ndipo sakulakwa, chifukwa ubale wawo wathera pa malipiro. Pa khomo lomwelo pali mwana amene amatunga madzi, amatsuka mbale, amatumidwa kumsika ndi kukadikirira mayi ake akagonekedwa kuchipatala. Mwanayu amagwira ntchito yochuluka kuposa waganyu uja, koma salembera makolo ake mtengo. Sanagule umwana wake ndi ntchitozo, anachita kubadwa. Komabe mwana amene amangodya ndi kugona, osakhudza kanthu pamene mayi ake akudwala, anthu amafunsa ngati ndi wa pakhomopo zoona, ndipo tsiku lina iye yekha amadzatuluka pakhomopo mtima utachoka kale.

Yesu anafotokoza zimenezi m'fanizo la mwana wolowerera pa Luka 15. Mwana wamng'ono uja, atasakaza chuma ndi kuvutika ndi njala, anakonza zoti akapemphe bambo ake kuti amulembe ntchito ngati mmodzi mwa antchito olipidwa. Ankafuna kubweza ngongole pang'onopang'ono. Bambo ake sanamulole n'komwe kufika pa mawu amenewo. Anaitanitsa chovala, mphete ndi nsapato, namubwezera umwana wake asanagwire ntchito ngakhale imodzi. Mkulu wake, amene sanachokepo pakhomo, ndiye anapezeka kuti zaka zonsezo ankakhala ndi mtima wa waganyu. Anawerengera bambo ake zaka zimene anawagwirira ntchito, nadandaula kuti sanalandirepo ngakhale kamwana ka mbuzi. Fanizoli limatha mkuluyo ali panja, bambo ake akumudandaulira kuti alowe.

N'chifukwa chake Paulo, atangomaliza kunena kuti chipulumutso ndi mphatso, akupitiriza pa vesi lotsatira, Aefeso 2:10, kunena kuti Mulungu anawalenga mwatsopano mwa Khristu kuti achite ntchito zabwino zimene Iye anawakonzeratu. Anthu ambiri amawerenga vesi 8 ndi 9 n'kutseka Baibulo. Vesi 10 ndilo limanena chimene mphatsoyo inaperekedwera.

Kodi Paulo ndi Yakobe akutsutsana?

Wowerenga Aroma 3:28 amamva kuti munthu amalungamitsidwa pokhulupirira, popanda ntchito za Malamulo. Akatsegula Yakobe 2:24 amamva kuti chikhulupiriro chokha sichimulungamitsa munthu popanda ntchito. Poyamba zimaoneka ngati atumwi awiriwa akulozana zala. Koma aliyense ankachiza matenda osiyana ndi a mnzake.

Paulo ankalalikira kwa anthu amene sanali Ayuda. Kumbuyo kwake kunkabwera aphunzitsi ena amene ankauza akhristu atsopanowo kuti ubatizo ndi chikhulupiriro sizikwanira, ayenera kuchita mdulidwe ndi kusunga malamulo a Mose okhudza zakudya ndi masiku. Paulo anakana kwamtuwagalu. Ngati mdulidwe, kapena china chilichonse chimene munthu angachite, chingamugulire malo kwa Mulungu, ndiye kuti Khristu anafa pachabe. Nkhaniyi inafika ku msonkhano wa ku Yerusalemu umene ukufotokozedwa pa Ntchito za Atumwi 15, ndipo amene anamanga mfundo yoti anthu a mitundu ina asasenzetsedwe katundu ameneyu anali Yakobe, mtsogoleri wa Mpingo wa ku Yerusalemu.

Kalata ya Yakobe ikulankhula kwa anthu ena: akhristu obatizidwa kale, odziwa bwino chiphunzitso, amene pa msonkhano wawo ankapatsa mpando wabwino munthu wovala mphete yagolide, wosauka n'kumuuza kuti aimirire kumbuyo. M'mawu a lero Yakobe akupereka chitsanzo chimene sichinakalambe. Mbale kapena mlongo alibe chovala, alibe chakudya cha tsikulo. Mkhristu mnzake akumutsanzika ndi mawu okoma, kumufunira kuti afunde ndi kukhuta, koma osamupatsa kanthu. Masiku ano mawu okomawo amabwera pa foni: uthenga woti wina mu mphakati wagonekedwa, pansi pake mayankho makumi awiri a timanja topemphera, koma kuchipatalako wodikirira wodwala wagona ndi njala. Chikhulupiriro chotere Yakobe akuchifanizira ndi mtembo. Mtembo uli ndi maso, manja ndi miyendo, ziwalo zonse zilipo, mpweya wokha ndiwo mulibe. Akuwonjezera kuti ngakhale mizimu yoipa imadziwa kuti Mulungu ndi mmodzi, mpaka imanjenjemera, koma kudziwako sikuipulumutsa.

Atumwi onse awiri akutchula Abrahamu. Paulo akuloza pa Genesis 15, pamene Abrahamu wokalamba ndi wopanda mwana anakhulupirira lonjezo la Mulungu asanachite mdulidwe. Yakobe akuloza pa Genesis 22, pamene Abrahamu yemweyo anakwera phiri ndi Isaki. Ndi munthu mmodzi, ndi chikhulupiriro chimodzi. Chimene chinayamba usiku uja akuyang'ana nyenyezi ndicho chinamunyamula miyendo pokwera phiri patapita zaka.

Paulo mwiniwake sananyoze ntchito za chikondi. Pa Agalatiya 5:6 akunena kuti chimene chili ndi phindu ndi chikhulupiriro chimene chimagwira ntchito mwa chikondi. Pa 1 Akorinto 13 akuti ngakhale chikhulupiriro chosuntha mapiri n'chachabe ngati chikondi palibe. M'kalata yomweyo ya kwa Agalatiya akukumbukira kuti Yakobe, Petulo ndi Yohane, atagwirana naye chanza, anamupempha chinthu chimodzi chokha: kuti azikumbukira osauka. Ndipo mtumwi amene analalikira kwambiri za chaulere ndi yemwenso anatha zaka akusonkhetsa ndalama m'mipingo ya ku Masedoniya ndi ku Korinto kuti akathandize osauka a ku Yerusalemu.

Mkangano umene unang'amba Mpingo

Mawu a mbale uja m'lole ali ndi mbiri yake, ndipo Mkatolika sayenera kuibisa. M'chaka cha 1517 ku Germany kunali alaliki, wotchuka mwa iwo Johann Tetzel, amene ankasonkhetsa ndalama, zina mwa izo zomangira tchalitchi cha Petulo Woyera ku Roma, popereka makalata ochotsera zilango za machimo. Mmene ankalalikirira, anthu wamba ankamva ngati chikhululukiro chili pamsika. Martin Luther, wansembe wa chipani cha Augustino Woyera amene ankaphunzitsa Malembo ku Wittenberg, analemba mfundo 95 zotsutsa mchitidwewu. Iye anali atavutika zaka zambiri ndi mantha akuti zonse zimene ankachita sizikwanira kukondweretsa Mulungu, ndipo anapeza mpumulo m'kalata ya kwa Aroma. Pomasulira Chipangano Chatsopano m'Chijeremani m'chaka cha 1522, pa Aroma 3:28 anawonjezerapo liwu lotanthauza kuti "chokha", ndipo kalata ya Yakobe anaiyesa yopepuka ngati udzu poyerekeza ndi makalata a Paulo.

Eklezia inayankha pa msonkhano wa ku Trent, umene unachitika kuyambira 1545 mpaka 1563. Chikalata chake chonena za kulungamitsidwa chinatuluka m'chaka cha 1547. Chikalatacho chikuti palibe chimene munthu amachita asanalungamitsidwe, kaya chikhulupiriro kaya ntchito, chimene chingagule chaulere chimenechi. Chikuti chikhulupiriro ndicho chiyambi, maziko ndi muzu. Chikutinso Mulungu akamalungamitsa munthu amamusinthadi m'kati, ndipo munthuyo ali ndi ufulu wovomera kapena kukana, wogwirizana ndi chaulerecho kapena kuchitaya ndi tchimo lalikulu. Msonkhanowo unaletsanso kupanga phindu pa nkhani ya kuchotsera zilango za machimo. Koma pofika nthawiyo Mpingo unali utang'ambika kale, ndipo amishonale atafika kuno patapita zaka mazana atatu, anabwera ndi mng'aluwo.

Chimene akhristu ambiri sadziwa n'chakuti atsogoleri a mbali ziwirizi anakhala pansi. Pa 31 October 1999, mumzinda wa Augsburg ku Germany, Eklezia Katolika ndi bungwe la mipingo ya Lutheran pa dziko lonse anasainirana chikalata chimodzi pa nkhani ya kulungamitsidwa. Anavomerezana kuti Mulungu amalandira munthu mwa chaulere chokha, pokhulupirira ntchito yopulumutsa ya Khristu, popanda kuyenera kulikonse kwa munthuyo, ndiponso kuti Mzimu Woyera amene munthuyo amalandira amakonzanso mtima wake ndi kumutuma ku ntchito zabwino. Bungwe la mipingo ya Methodist linalowa nawo m'chaka cha 2006. Bungwe la Anglican linavomereza mfundo zake pa msonkhano umene unachitikira ku Lusaka m'chaka cha 2016, ndipo bungwe la mipingo ya Reformed ndi Presbyterian linasaina ku Wittenberg m'chaka cha 2017. Papa Benedikito wa 16, pophunzitsa za Paulo Woyera m'chaka cha 2008, ananena kuti mawu a Luther akuti chikhulupiriro chokha ndi oona malinga ngati chikhulupirirocho sichikulekanitsidwa ndi chikondi. Kusiyana kudakalipo pa nkhani zina zikuluzikulu, monga Ukaristia, unsembe ndi udindo wa Papa, ndipo si mipingo yonse imene inasaina. Komabe pa funso la m'lole lija, anthu awiri aja ali pafupi kuposa mmene akuganizira.

Petulo anakhoza yankho

Mthenga Wabwino wa lero ukuonetsa nkhaniyi mwa munthu mmodzi. Ali pa njira ya ku midzi ya Kesareya wa Filipo, Yesu akufunsa ophunzira ake kuti iwo amati Iye ndani. Petulo akuyankha molondola kuti ndi Khristu. Akanakhala mayeso a katekisimu, akanakhoza. Koma Yesu atangoyamba kufotokoza kuti adzazunzidwa, kukanidwa ndi kuphedwa, Petulo yemweyo akumutengera pambali ndi kumudzudzula. Ankafuna Khristu wopanda mtanda. Yesu akumudzudzula ndi mawu owawa kuposa amene ananenapo kwa wophunzira wina aliyense, mpaka kumutchula Satana, kenaka akuitana khamu lonse ndi kuliuza kuti womutsata ayenera kudzikana ndi kusenza mtanda wake.

Kukhulupirira Yesu, tsono, ndi kumutsata kumene Iye akupita. Mtumiki wa Mulungu amene mneneri Yesaya akumufotokoza m'mawu oyamba a lero anayamba ndi kutsekulidwa makutu, ndipo wotsekulayo ndi Mulungu. Atamva, anapereka msana wake kwa omumenya. Kumva kunabwera poyamba, ndipo kunafika mpaka pamsana.

Mbiri ya Petulo ikupitirira pamenepo. Analumbira kuti sadzamusiya Yesu, podalira mphamvu zake, ndipo usiku womwewo anamukana katatu. Chimene chinamudzutsa ndi chifundo cha Ambuye, amene atauka kwa akufa anamupeza m'mbali mwa nyanja, namufunsa katatu za chikondi, ndipo pa yankho lililonse anamupatsa ntchito yoweta nkhosa. Petulo anaigwira ntchitoyo mpaka anaphedwa ku Roma pa nthawi ya mfumu Nero. Chikhululukiro chinatsogola, ntchito inatsatira, ndipo ntchitoyo inamudyera moyo wake wonse.

Maenje awiri pa njira

Mkhristu wa m'tauni angagwe mbali ziwiri. Dzenje loyamba ndi loyesa Mulungu ngati banki mkhonde, kumene munthu amaponya masheya sabata ndi sabata kuti pakutha pa chaka adzagawane. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo pakati pa anthu mwambiwu ndi woona. Koma Mulungu sasungitsidwa kanthu kuti adzakhale ndi ngongole kwa munthu. Mfarisi wa pa Luka 18 sananame pamene ankawerenga kusala kwake kawiri pa sabata ndi chachikhumi chake. Zonse ankachitadi. Komabe amene anabwerera kwawo wolungama ndi wokhometsa msonkho uja, amene anaima patali akudziguguda pachifuwa. Zizindikiro za dzenje limeneli n'zodziwika: kukwiya dzina likapanda kutchulidwa pa zolengeza, kunyoza amene sali m'gulu lililonse, kukhumudwa ndi Mulungu matenda akalowa m'nyumba ngati kuti waphwanya pangano. Papa Fransisko, m'kalata yake ya 2018 yonena za kuyera mtima, anachenjeza kuti maganizo a Pelagius adakali moyo pakati pa akhristu olimbikira.

Dzenje lachiwiri ndi loganiza kuti popeza munthu anabatizidwa, kapena popeza tsiku lina anaimika dzanja ndi kulandira Yesu, ndiye kuti zimene amachita kuyambira Lolemba mpaka Loweruka zilibe kanthu. Yesu anatseka njira imeneyi pa Mateyo 25. Pa chiweruzo chomaliza akutchula anjala, aludzu, alendo, ausiwa, odwala ndi am'ndende, ndipo akuti zimene anthu anawachitira kapena kuwamana anachitira Iye mwini. Chodabwitsa n'chakuti olungama aja akudabwa. Sakukumbukira kuti anachita liti zimenezo, chifukwa sankalemba. Ankangochita monga ana a pakhomo.

Zakeyo akuonetsa mmene zinthu zimayendera. Yesu anadziitanira yekha kunyumba kwake Zakeyoyo asanalonjeze kanthu. Atalandira mlendoyo, Zakeyo anaimirira nalonjeza kupatsa osauka theka la chuma chake ndi kubwezera kanayi aliyense amene anamubera. Pamenepo ndi pamene Yesu ananena kuti chipulumutso chafika m'nyumbamo. Kwa bwana wa simenti uja, ntchito yabwino yoyamba ili pageti pake: malipiro a mlonda. Kwa wina ndi kubweza nyumba imene analanda mkazi wamasiye wa mchimwene wake. Kwa wina ndi kuleka katapila amene akumaliza anzake a kuntchito, kapena kukana kachiphuphu kamene aliyense mu ofesimo amati n'kozolowereka. Chopereka cha pa guwa sichiphimba kulira kwa wantchito amene sanalipidwe, ndipo Yakobe pa mutu 5 akuti kulira kumeneko kumafika m'makutu a Ambuye.

M'chaka cha 1833 ku Paris, mnyamata wa pa yunivesite wa zaka 20, Frederic Ozanam, ankakonda kuteteza chikhulupiriro cha Katolika pa mitsutso. Tsiku lina omutsutsa anamufunsa kuti aonetse chimene Mpingo wake ukuchitira osauka a nthawi yawo. Funsolo linamulasa. Iye ndi anzake ochepa anayamba kuyendera mabanja osauka a mumzindamo atanyamula nkhuni ndi chakudya. Umo ndi mmene linayambira bungwe la Vincent de Paul limene lero lili m'maparishi ambiri pa dziko lapansi. Mpingo umawerenga ntchito zachifundo 7 zothandiza thupi ndi 7 zothandiza mzimu, ndipo palibe ngakhale imodzi imene imafuna kuti munthu akhale wolemera.

Manja opanda kanthu

Nanga gogo uja wa pamphasa? Iye sanachotsedwe ntchito, chifukwa sanalembedwepo ganyu. Mwana akadwala sasiya kukhala mwana. Umwana umene analandira pa ubatizo sudalira mphamvu za miyendo yake. Ndiponso pakati pa ntchito zachifundo pali kupempherera amoyo ndi akufa, kukhululukira olakwa ndi kupirira zovuta za ena, ndipo zimenezi amazigwira ali chigonere. Tereza Woyera wa Mwana Yesu, amene anamwalira ndi chifuwa chachikulu m'chaka cha 1897 ali ndi zaka 24 zokha, ankanena kuti adzaonekera pamaso pa Mulungu manja ali opanda kanthu, osapempha kuti ntchito zake ziwerengedwe. Komabe ndi yemweyo amene ankasamala kachinthu kalikonse kakang'ono ka chikondi m'nyumba ya asisitere. Chimene gogoyo akusowa ndi akhristu a mphakati wake kuti akamuone, ndi wina woti amubweretsere Ukaristia. Funso la Yakobe lalunjika kwa iwowo.

Mulungu adzapereka mphotho, Malembo akutero momveka. Koma Augustino Woyera anaphunzitsa kuti Mulungu akamapereka mphotho pa ntchito zabwino za munthu, amakhala akulemekeza mphatso zake zomwe. Zili ngati bambo amene amapatsa mwana wake ndalama kuti akamugulire mphatso ya Khirisimasi, kenaka n'kuilandira ndi chimwemwe chenicheni. Mphatsoyo ndi ya mwanayo zoona, chifukwa akanatha kukadyera ndalamazo, koma palibe chimene angadzitamire.

N'chifukwa chake pa Misa ya maliro, kapepala kaja kakawerengedwa, Mpingo sulengeza kuti malemu alowa. Umawapempherera. Umawapereka ku chifundo cha Mulungu, kaya kapepalako kanali kodzaza kaya kanali ndi mizere iwiri yokha. Ntchito zawo zimatchulidwa pothokoza Mulungu amene anazigwira mwa iwo, ndi polimbikitsa otsala. Mkatolika wa m'lole uja akanatha kuyankha mnzake mwaulemu kuti, "Mwanena zoona, achimwene, amayi aja sanagule kumwamba. Anawagulira ndi Yesu pamtanda. Koma inu ndi ine tinadziwa bwanji kuti ankamukhulupirira? Si paja ankabwera ndi phala kuchipatala pamene mayi anu anagonekedwa?"

Misa ya lero ikuyenda m'njira yomweyo. Akhristu akuyamba ndi kuvomera kuti ndi ochimwa. Asanalandire Ukaristia akuvomeranso kuti sayenera kuti Ambuye alowe mwa iwo, komabe akupita kutsogolo atatambasula manja opanda kanthu, ndipo akulandira. Pomaliza wansembe akuwatuma kuti apite. Kunja kwa geti la tchalitchi kukudikira mlonda uja, mkazi wamasiye uja ndi gogo uja. Mulungu amene anayamba ntchito yabwino mwa ana ake pa tsiku la ubatizo wawo awapatse chaulere choti aipitirize sabata ino, mpaka adzaitsirize Iye mwini pa tsiku la Khristu Yesu. Amen.